Kulipira Kapena Kukaima Pabwalo: Mlandu wa Liwiro Pamsewu

 Inu amene mwatchera khutu ku wailesi muli pa chiwongolero, ndikupemphani kuti mundibwereke makutu okha, maso akhale pamsewu, pakuti nkhani imene ndadza nayo ikukhudza inu koposa wina aliyense.

Tsiku lina m'nyengo ya masika ndidanyamuka ku Lilongwe tambala atangolira kachiwiri, kulinga ku Blantyre kumene kudagwa maliro a kuchimuna kwa mayi a kunyumba kwanga, ndipo m'galimotomo tidalimo anayi: ine, mayiwo, alamu anga, ndi mphwanga wina amene adangotsiriza kumene sukulu. Titayandikira msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, umene sindiutchula dzina, minibasi yochokera kutsogolo idandiphethirira nyali kawiri, koma ine, mwa kupusa kwanga, ndidayesa kuti woyendetsayo akundidziwa, ndipo ndidamkwezera dzanja. Sipadapite nthawi, munthu wa chipewa choyera adatuluka pansi pa mtengo wa mango, naima pakati pa phula, nakweza mkono.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, bwana?"

"Ife tadzuka. Koma mwathamangatu. Pano ndi pa 50, inu mumayenda 72. Tatsikani mudzaone nokha."

Ndidatsika, ndipo m'kagalasi ka makina awo ndidaonamo galimoto yanga yomwe, nambala yake yomwe, ndi 72 uja ali pambali ngati mboni yosaphethira. Pobwerera kukatenga laisensi ndidapeza bwalo lakhala kale m'galimoto. Alamu anga, amene mtima wawo sukhalira kuwira, adati: "Musalipire, alamu. Makina amenewa amanama. Tikaonana nawo kukhoti." Mayi a kunyumba adati: "Bambo, lipirani tizipita, mwambo utiyambira." Mphwanga uja, atasendera kukhutu kwanga, adanong'ona kuti: "Malume, ingowapatsani ya fanta." Anthu atatu, malangizo atatu, ndipo ndikhulupirira kuti aliyense wa inu amene adaimitsidwapo chotere adawamva mawu atatu omwewa, ngakhale adali yekha m'galimoto, pakuti onse atatu amakhala mumtima mwa munthu mmodzi.

Tisanaweruze pakati pa atatuwa, ndiloleni ndipatuke pang'ono, kuti wina asaganize kuti tsoka limeneli lidayamba ndi ife. M'mwezi wa Januwale chaka cha 1896, ku Paddock Wood m'dera la Kent ku England, bambo wina dzina lake Walter Arnold adagwidwa akuyendetsa galimoto pa liwiro la mamailosi 8 pa ola, pamene lamulo la m'matauni linkalola mamailosi 2 okha, liwiro limene nkhalamba ya ndodo ingathe kulipitirira. Ndipo wapolisi amene adamgwira adachita kumthamangitsa pa njinga yakapalasa. Adakaonekera pamaso pa oweruza, nalipitsidwa chindapusa pamodzi ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Iye ndiye amatchulidwa kawirikawiri kuti ndi munthu woyamba kulipitsidwa chifukwa chothamangitsa galimoto, ndipo chaka chisadathe lamulo lija lidasinthidwa, malire a liwiro nakwezedwa. Tsono onani: lamulo lidali lokhwima kopitirira muyeso, komabe Arnold adalipira, chifukwa funso limene bwalo lidafunsa silidali lakuti lamulolo ndi lanzeru kapena ayi, koma lakuti iye adaliswa kapena sadaliswe.

Funso lomwelo ndilo liyenera kukhala loyamba kwa ife, ndipo woliyankha si wapolisi, si loya, si mlamu: ndi amene phazi lake lidali pa chopondera mafuta. Munthu akaimitsidwa, chimene chimayamba kuyankhula ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo uli ndi zifukwa zambiri zokoma kuzimva koma zosaimika pabwalo. Wina amati, ndimathamangira maliro; koma lamulo silidalembe kuti wamaliro adutse pamsika ngati mphepo. Wina amati, nanga bwanji basi ija yandipitirira simudayiimitse. Koma kupulumuka kwa mbala ina sikuyeretsa mbala imene yagwidwa, ndipo ngakhale pabwalo la mfumu, munthu amene mbuzi zake zadya chimanga cha mnzake sangapulumuke ponena kuti mbuzi za uje nazonso zidadyako. Wina amati, apolisiwo adabisala. Koma chikwangwani sichidabisale. Palinso amene amalumbira ndi mtima woona kuti singano yake imaloza 55, osadziwa kuti tsiku limene adachotsa matayala amene galimoto idabwera nawo kuchokera ku Japan, naikamo ena akuluakulu kuti isamagunde pansi m'misewu yafumbi, singano ija idayamba kumnamiza, popeza tayala lalikulu likazungulira kamodzi limadya mtunda wochuluka kuposa umene singano ikuwerenga. Ameneyo sakunama, koma mlandu ali nawo ndithu.

Kwa onse otere, ndipo ndinene mosabisa kuti ambiri a ife tili m'gulu limeneli, mawu a mayi aja ndiwo anzeru. Kulipira chindapusa ndiko kuvomera mlandu; ndi kugwira mwendo kwa masiku ano. Makolo athu sankayesa chinthu chonyazitsa kuti munthu wopalamula aombe m'manja, atule nkhuku pamaso pa nduna, nkhani ithere pomwepo dzuwa lisadapendeke. Chimene ankachinyoza ndi munthu wokanira poyera chinthu chimene mudzi wonse udachiona, amene pomaliza ankalipira mbuzi pa mlandu wa nkhuku. Chomwechonso lero, amene akudziwa mumtima kuti adathamanga, napitabe kubwalo kukayesa mwayi, akumbukire kuti woweruza samangidwa ndi mtengo umene udatchulidwa pansi pa mtengo wa mango. Akampeza wolakwa angathe kumlipitsa koposa pamenepo, ndipo dzina lake lilembedwa m'kaundula wa bwalo ngati munthu amene adapezeka wolakwa. Walira mvula walira matope.

Koma polipirapo pali chinthu chimodzi chimene sindingalole kuti chidutse mwachangu, ndicho lisiti la boma, lija ambiri amangoliti GR. Kapepala kameneka ndi kopepuka ngati tsamba, koma ndiko kokha kamene kamasiyanitsa chindapusa ndi chiphuphu. Ndalama yolembedwa pa lisiti ili ndi njira yake yopita ku thumba la boma, ndipo ili ndi nambala imene wowerengera chuma angayitsate. Ndalama yopanda lisiti imathera m'thumba la malaya. Chifukwa chake musachite manyazi kuliwerenga musadachoke: muone ngati tsiku lili loona, ngati nambala ya galimoto ili yanu, ngati mlandu wolembedwawo uli womwe mwauzidwa, ndiponso ngati ndalama yolembedwayo ikulingana ndi imene yatuluka m'chikwama chanu. Safunsa adadya phula.

Tsono tibwere kwa alamu anga, pakuti ngakhale tsiku limenelo adalakwa, mawu awo sali opanda pake masiku onse. Makina oyezera liwiro si mulungu. Ambiri a iwo amagwira ntchito pa nzeru imene katswiri wa ku Austria, Christian Doppler, adailongosola mu 1842, ndipo nzeruyo aliyense wa ife adaimvapo ndi makutu ake: hutala ya basi imamveka yokwera pamene basiyo ikubwera, nitsika mawu ikangotipitirira. Makinawo amaponya mafunde osaoneka pa galimoto, mafundewo nabwerera atasinthika molingana ndi liwiro lake, ndipo pa kusinthako ndi pamene pamachokera nambala. Koma mafunde amenewa amamwazika akamapita patali, monga kumachitira kuwala kwa tochi, kotero kuti pamene magalimoto awiri kapena atatu ayenda moyandikana, lole yaikulu ili kumbuyo, kagalimoto kakang'ono kali kutsogolo, nkotheka kuti nambala ya wina igwere mnzake. Alipo makina ena a kuwala kwa laser amene amalasa malo ang'onoang'ono, koma nawonso amafuna dzanja losanjenjemera ndi munthu wophunzitsidwa. Ndipo makina alionse oyezera, kaya ndi sikelo ya pa butchala, amayenera kuyesedwa nthawi ndi nthawi ngati akunenabe zoona. Palinso nkhani ya zikwangwani, zimene m'malo ena zidagwa, kwina zidaphimbidwa ndi udzu wa dzinja, kwina anthu osaopa kanthu adazizula kukasula ziwiya. Munthu amene walipitsidwa chifukwa cha malire amene sadalembedwe paliponse pamene maso angaone ali nacho chonena, ngakhale kuti woyendetsa aliyense adaphunzira kuti pamalo pochuluka nyumba ndi anthu liwiro limatsika, chikwangwani chikhalepo kapena chisakhalepo.

Munthu wotereyo, amene chikumbumtima chake chili choyera ndipo ali ndi chogwirika m'manja, malamulo a dziko lino ali kumbali yake. Malamulo aakulu a dziko, amene tidalandira mu 1994, pa gawo 42 amanena kuti woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa, ndi kuti mlandu wake uzengedwe poyera ndi mwachilungamo. Tanthauzo lake ndi lakuti wapolisi wa pamsewu ndi woneneza, osati woweruza; ndipo pamaso pa majisitireti, katundu wa umboni ali pamutu pa boma. Ndi boma limene liyenera kuonetsa kuti galimoto idali yanuyo, kuti malowo malire ake ndi akutiakuti, kuti makinawo adali olongosoka, ndi kuti wowagwira ankadziwa ntchito yake. Inu muli ndi ufulu womufunsa mafunso mmodzimmodzi. Kale munthu wonamiziridwa, pofuna kudziyeretsa, ankaitanitsa yekha mwavi, naika moyo wake pa chikho cha khungwa la mtengo, mpaka boma la atsamunda lidaletsa mwambowo mu 1911. Ife a lero tili ndi mwayi umene agogo athu sadauone, wakuti tidziyeretse ndi mawu ndi mboni, popanda kumwa kanthu. Ngakhale mtumwi Paulo, munthu amene adapirira zikwapu ndi ndende, pamene adaona kuti mlandu wake ukupotozedwa sadangoti zili kwa Mulungu. Adakumbutsa akuluakulu za ufulu wake monga nzika ya Roma, napempha kuti nkhani yake ikamvedwe kwa Kaisara.

Komabe ndikadakhala wonyenga ndikadakuuzani kuti njira imeneyi ndi yosalala. Mlandu umazengedwa kudera kumene udapalamulidwa, osati kumene mumakhala. Kotero munthu wa ku Ndirande amene waimitsidwa m'boma la Dedza adziwe kuti ulendo umene ankauthamangira adzauyendanso, mwina kawiri, mwina katatu, pakuti milandu imaimitsidwa, tsiku lina mboni ya boma sidabwere, tsiku lina woweruza ali ndi milandu ikuluikulu ya anthu amene agona m'chitokosi. Ulendo uliwonse ndi mafuta, ndi ndalama ya pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke ngati njira yanu idzera pamenepo, ndi tsiku lathunthu la ntchito limene lapita. Ndipo mukati mutenge loya, malipiro ake okha angathe kumeza chindapusa chija kangapo. Woyendetsa minibasi, amene madzulo alionse ayenera kukatula ndalama kwa mwini galimoto, akawerengera zonsezi amangoti bola kulipira, ngakhale mtima ukuwawa, ndipo ine sindingamuponye mwala. Kulamula vumbwe nkulinga uli ndi nkhuku.

Pa chifukwa chomwechi ndikuti amene ali nazo nkhukuzo, ndiye kuti nthawi, ndalama ndi umboni, asamangolipira pofuna kuthana nazo pamene akudziwa kuti sadalakwe. Taganizani: ngati anthu onse osalakwa alipira mwakachetechete, ndani adzafunse tsiku limene makina aja adayesedwa komaliza? Ndani adzachititse kuti chikwangwani chidagwa chija chiimikidwenso? Munthu mmodzi amene waima pamaso pa majisitireti, nafunsa mwaulemu mafunso amenewa, wasenzako katundu wa anthu mazana amene sakadatha kufikako. Ndipo ngakhale apolisi okhulupirika, amene alipo ambiri ndipo amapsa ndi dzuwa tsiku lonse chifukwa cha ana athu, amapindula pamene ntchito yawo yayesedwa nipezeka yoona. Koma wotero ayambe kusonkhanitsa umboni wake pomwepo, fumbi lisadakhazikike: apemphe kuona nambala pa makina, alembe nthawi ndi malo, ajambule ndi foni yake msewuwo ndi pamene chikwangwani chili kapena pamene chikusowa, asunge mayina a amene adali nawo m'galimoto, ndipo zonsezi azichite ndi mawu ofatsa, pakuti kukalipira munthu wa yunifolomu pamsewu sikudapindulirepo wina aliyense, koma kumangobala mlandu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Za mphwanga uja sindichulutsa mawu, ngakhale kuti langizo lake ndilo limatsatidwa kawirikawiri. Ya fanta, kangachepe, tithandizane bwana: mayina onsewa ndi nsalu zofunditsa chinthu chimodzi, chimene lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, lija lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, limachitcha mlandu kwa wolandira ndi kwa wopereka yemwe. Munthu amene amati wapulumutsa theka la chindapusa wasinthanitsa mlandu waung'ono wa pamsewu ndi mlandu umene ungamlowetse m'ndende. Ndipo choipa chake chachikulu sichili pa iye yekha; pakuti pamene woyendetsa aliyense adziwa kuti liwiro lili ndi mtengo wake wa m'thumba, chikwangwani cha 50 chimasanduka chokongoletsa msewu chabe, ndipo wolipira weniweni amadzakhala munthu amene sadakwereko galimoto imeneyo. Chimene chidandiwawa ine ndi chakuti mawuwo adatuluka m'kamwa mwa mwana, amene sadayendetsepo galimoto chibadwire; adawaphunzira kwa ife akuluakulu, atakhala kumpando wakumbuyo.

Nanga 50 ameneyu adachokera kuti, kuti tizivutana naye chotere? Amene adadutsapo pa Lizulu tsiku la msika akudziwa yankho ndi maso ake: milu ya mbatatesi, kabichi ndi tomato yafika m'mphepete mwenimweni mwa phula, amayi a ana kumbuyo akuoloka ndi madengu pamutu, anyamata akuthamangira basi iliyonse ndi mapoto a chimanga, akabaza akutembenuka popanda kucheuka, mbuzi nazo zili pomwepo. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadya pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Yoyenda 72, monga ndinkachitira ine, imadya mamita 20. Sekondi imodzi yokha imene diso likuuza phazi kuti ponda buleki, galimoto yapita kale mtunda wonsewo. Ndipo mabuleki akagwira, mtunda woti iime suwonjezeka pang'ono chabe, koma pa 72 umaposa kawiri wa pa 50. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti kwa munthu woyenda pansi amene wagundidwa ndi galimoto, chiopsezo cha imfa chimakula kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Tsono ndidakhala pansi tsiku lina nkuwerengera chimene ndinkachithamangira: msika wotalika makilomita 2, pa 50 umadutsika m'masekondi 144, pa 72 m'masekondi 100. Phindu langa lonse lidali masekondi 44, nthawi yosakwanira ngakhale kupatsana moni wa pamaliro; ndipo pansi pa mtengo wa mango paja ndidatayapo theka la ola. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga sikufika, koma ine ndidachita kuwerengera ndi pensulo kuti ndikhulupirire.

Mwina mukufuna kudziwa mmene bwalo la m'galimoto lija lidathera. Ndidaima kanthawi, laisensi ili m'manja, ndikudzifunsa funso limodzi lija. Ndipo ndidakumbukira bwino lomwe kuti chikwangwani ndidachiona, kuti msewu udali wopanda galimoto ina pafupi nane, ndi kuti phazi langa silidachoke pamene lidali. Ndidalipira, ndidalandira lisiti, ndidaliwerenga, ndipo wapolisi uja adati, "Muyende bwino, bambo, pepani ndi zovutazo." Alamu anga sadandiyankhule mpaka pa Zalewa, ndipo kufikira lero amati ndidagonja msanga. Ndidawauza kuti tsiku limene adzaimitsidwe iwo ali osalakwa, chithunzi cha chikwangwani chakugwa chili m'foni mwawo, ine ndidzathira mafuta m'galimoto yanga ndi kuwaperekeza kubwalo ulendo uliwonse umene mlanduwo udzaitanidwe, ndipo lonjezo limenelo lilipobe.

Inu amene muli pa chiwongolero usiku uno, msika uli kutsogoloko anthu sadaweruke, tsitsani phazi.